Khungu la Kachitsulo Kamene Kali M'nsagwada Mwanga

Kachitsulo kamene kali m'nsagwada mwanga ndinakaona kamodzi kokha, kwa masekondi osakwana khumi, kenako kanalowa m'fupa. Unali m'mawa wa Lachiwiri ku Johannesburg, ndili chagada pampando wa dokotala wa mano, mlomo wam'mwamba uli dzanzi chifukwa cha jakisoni. Namwino anatsegula kabokosi. M'kabokosimo munali kabotolo, m'kabotolomo ndimo munali kabawuti ka titaniyamu, kutalika kwake ngati chikhadabo cha chala changa chamkombaphala. Poganizira ndalama zimene ndinasunga kwa chaka ndi theka, ndinkayembekezera chinthu chonyezimira ngati supuni yatsopano. Koma kanali kotuwa kuti mbuu ngati phulusa la dzulo, kooneka ngati amisiri anakasiyira panjira osakamaliza.

Ndinafunsa ngati kamakhaladi choncho. Dokotalayo anati kutuwako n'kwadala, ndipo ndi pamene pagona ntchito yonse. Sanaonjezere zambiri chifukwa maso ake anali pa bowo limene anali atangoboola kumene. China chimene ndinaona n'chakuti kabawutiko sanakagwire ndi dzanja ngakhale anali atavala magolovesi. Anakanyamula ndi chipangizo chake kuchokera m'botolo, n'kukadutsitsa mosamala kuti kasakhudze mlomo kapena malovu. Chinthu choyamba kukakhudza chinali magazi anga.

Kabawutiko kanali kolowa m'malo mwa muzu wa dzino langa lakutsogolo, kuti kadzagwire dzino lochita kupanga. Dzinolo linathyokera pamuzu nditagwa pa kabaza ku Lilongwe mvula itangokata. Ndinakhala ndi gweru zaka zisanu ndi chimodzi, ndikumaseka dzanja lili pakamwa.

Madzulo a tsiku la opaleshonilo ndinaimbira foni bambo anga ku Nsaru. Iwo akhala akumanga nyumba za anthu kuyambira ine ndisanabadwe. Nditawafotokozera za kabawuti kotuwa, kokhakhala, kosaloledwa kugwidwa ndi chala, sanadabwe ngakhale pang'ono.

"Iwe mwanawe, waiwala lintala?" anatero.

"Lintala yatani, bambo?"

"Tikachotsa matabwa pa lintala, imatuluka yosalala, yokongola. Ukaponyapo pulasitala pomwepo, mawa ukampeza pansi. Suja ndinkakupatsa tchizulo kuti uitemeteme kaye? Ndiye pali oilo uja timapaka matabwa. Ukapanda kumutsuka, madzi amangoterereka, simenti siigwira."

Ndinakumbukira. Ndili mnyamata ndinkadana nayo ntchito imeneyo, chifukwa ndinkaona ngati tikuononga chinthu chimene chatuluka bwino. Usiku umenewo tulo tinavuta ndi kutupa kwa nkhama, ndiye ndinayamba kuwerenga pafoni, ndipo kuwerengako sikunathere usiku womwewo. Ndinapeza kuti mawu awiri a bambo, kutematema ndi kutsuka oilo, ndi mitu imene akatswiri a ku Sweden, Switzerland, Canada, Japan ndi America akhala akulimbana nayo kwa zaka zoposa makumi anayi.

Nkhani ya timabawuti timeneti amakonda kuiyambira mu 1952 ku Lund m'dziko la Sweden. Wofufuza wachinyamata dzina lake Per-Ingvar Brånemark ankafufuza mmene magazi amayendera m'fupa lamoyo. Za mano sizinali m'mutu mwake. Anaika timachubu ta titaniyamu tokhala ndi kagalasi m'mafupa a miyendo ya akalulu kuti azisuzumira mkati. Atamaliza anafuna kuchotsa timachubuto, koma tinakana. Fupa linali litamera n'kukakamira pachitsulo popanda kamnofu kalikonse pakati. Ena, monga Gottlieb Leventhal ku America mu 1951, anali ataonapo kale kuti fupa silidana ndi titaniyamu, koma Brånemark ndi amene anaigwira nkhaniyi osaitaya, n'kuipatsa dzina loti osseointegration, kutanthauza kugwirana kwa fupa lamoyo ndi chitsulo. Mu 1965 ku Gothenburg anaika timabawuti tinayi m'nsagwada yam'munsi ya Gösta Larsson, munthu amene anabadwa ndi chilema cha nsagwada ndipo ankavutika kudya ndi kulankhula. Larsson anamwalira mu 2006 timabawutito tikadali tolimba. Madokotala ambiri a mano anamukayikira Brånemark kwa zaka, mpaka msonkhano wa ku Toronto wa mu 1982 pamene umboni wake unaikidwa poyera.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi ichi: thupi langa silinakumanepo ndi titaniyamu weniweniyo, ndipo silidzakumana naye. Chitsulo chimenechi chikangodulidwa n'kukhudzana ndi mpweya, nthawi yomweyo chimagwirana ndi okosijeni n'kudziveka khungu. Chitsulo cha khasu nachonso chimagwirana ndi okosijeni, ndiye dzimbiri lija, koma dzimbiri limafufuma, kusuka, n'kumadya mpaka mkati. Khungu la titaniyamu limamatirira kuti nga, silisungunuka m'madzi a m'thupi, ndipo likakandika limadzibwezeretsa lokha. Kukhuthala kwake ndi mananomita ochepa chabe. Milimita imodzi muigawe magawo 1,000, gawo limodzi ndiye maikulomita. Maikulomitayo muigawenso magawo 1,000, ndiye nanomita. Tsitsi limodzi la munthu limakhuthala mamaikulomita pafupifupi 70. Ndiye magazi, maselo ndi fupa zonse zimakambirana ndi kakhungu kopyapyala kuposa tsitsi maulendo masauzande ambiri. Chitsulo chonse cha mkatimo ntchito yake n'kungosenza katundu.

Zimene zimachitika kabawuti kakangolowa ndi zoyenera kuziona pang'onopang'ono. Magazi amafika n'kunyowetsa chitsulo. M'masekondi oyambirira mapuloteni a m'magazi amakhala pakhungu lija. Kenako magazi amaundana, ndipo m'magazi oundanawo mumalukana timaulusi totchedwa fibrin, kuchokera pafupa lobooledwa kukafika pachitsulo, ngati ukonde wa kangaude. Maselo amene adzamange fupa latsopano sauluka. Amakwawa pa timaulusi timeneti, ndipo pokwawa amatikoka. Apa m'pamene kusalala kumaonongera zinthu. Chitsulo chikakhala chosalala, ulusi ukakokedwa umasomphoka, pamatsala kampata, ndipo maselo safika pachitsulo. Fupa limayenera kumera kuchokera kukhoma la bowo lokha, kumasendera pang'onopang'ono mpaka litafika. Koma chitsulo chikakhala ndi timaenje ndi timapiri, ulusi umakolamo osasomphoka, maselo amafika pachitsulo penipeni n'kuyamba kumanga pomwepo. Fupa limamera kuchokera mbali zonse ziwiri n'kukumana pakati. Amene anazifotokoza bwino zimenezi ndi John Davies wa pa yunivesite ya Toronto. Nditaziwerenga ndinaona m'maganizo mwanga pulasitala wa bambo akulowa m'mabala a tchizulo.

Pali nthawi ina yoopsa imene dokotala wanga anandichenjeza, ngakhale tsikulo sindinamvetse chifukwa chake. Tsiku loyamba kabawuti kamakhala kolimba chifukwa mazinga ake aluma fupa lakale, ngati mmene bawuti imagwirira thabwa. Koma fupa limene labooledwa ndi kupanikizidwa limafa pang'ono m'mphepetemo, ndipo thupi limayamba kulichotsa. Kulimba kwa tsiku loyamba kumatsika pamene fupa latsopano lisanakhwime. Cha m'sabata yachitatu ndi yachinayi m'pamene kachitsulo kamakhala kofooka kuposa nthawi ina iliyonse. Kakamagwedezeka panthawi imeneyi, ngakhale ndi mamaikulomita opitirira 150 okha, thupi limasiya kumanga fupa n'kukakuta ndi mnofu wa chipsera, ndipo kakatero sikagwiranso. N'chifukwa chake chimanga chootcha, nzimbe ndi mtedza wokazinga ndinazisiya kaye. N'chifukwa chakenso poboola amathira madzi ozizira osalekeza. Anders Eriksson ndi Tomas Albrektsson anaonetsa mu 1983 kuti fupa likatentha kufika madigiri 47 kwa mphindi imodzi yokha limaonongeka. Tiyi amene timamwa m'mawa amatentha kuposa pamenepo.

Ntchito yonse yokonza khungu la titaniyamu kwenikweni ndi yofupikitsa nthawi yoopsayi. Timabawuti ta Brånemark tinkatuluka pamakina osemera chitsulo tili ndi timizere tosaoneka ndi maso, koma pafupifupi tosalala. Ankatikwirira pansi pa nkhama miyezi itatu m'nsagwada yam'munsi, miyezi isanu ndi umodzi m'nsagwada yam'mwamba imene fupa lake ndi lofewerapo, osatisenzetsa kanthu. Ku Bern m'dziko la Switzerland, André Schroeder ndi akatswiri a kampani ya Straumann anatenga njira ina m'zaka za m'ma 1970. Ankasungunula ufa wa titaniyamu pamoto wamphamvu wa magetsi n'kuupopera pa kabawuti, kakazizira n'kukhala kokhakhala kwambiri. Ena anati bwanji tingopaka chinthu chofanana ndi fupa lenilenilo, ndiye anayamba kupopera hydroxyapatite, mchere wa kashiamu ndi fosifeti umene umalimbitsa mafupa ndi mano athu. Ku London, Ronald Furlong anayamba kuika zitsulo za m'chiuno zopakidwa mchere umenewu mu 1985, ndipo pa maopaleshoni a chiuno njirayi ikugwirabe ntchito mpaka lero. M'kamwa zinavutako, chifukwa chopakidwa pamwamba chimatha kusungunuka kapena kumatuka, ndipo chikaonekera kunja kwa fupa tizilombo timachikonda.

Mu 1991 Daniel Buser ndi anzake ku Bern anayerekeza makungu osiyanasiyana m'mafupa a nkhumba zazing'ono. Pa chitsulo chosalala, fupa linakhudza magawo 20 mpaka 25 pa 100 aliwonse a khungu. Pa chopoperedwa titaniyamu, 30 mpaka 40. Pa chopakidwa hydroxyapatite, 60 mpaka 70, koma chopakidwacho chinkaoneka kuti chayamba kudyeka. Panalinso china chimene sanachipake kanthu. Anachiomba ndi mchenga wolimba wa timibulu tikulutikulu, kenako n'kuchiviika mu asidi wa mitundu iwiri, hydrochloric ndi sulphuric. Pamenepo fupa linakhudza 50 mpaka 60. Mchenga umakumba maenje aakulu, asidi n'kubwera kudzakumba timaenje ting'onoting'ono m'kati mwa maenjewo. Njirayi amaitcha SLA, inafika pamsika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo inatsitsa nthawi yodikira kufika pa masabata asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu kwa munthu wa fupa labwino. Kampani ya Nobel Biocare, imene inatengera ntchito ya Brånemark, inatulutsa yake mu 2000 yotchedwa TiUnite. Iwo amaviika kabawuti m'madzi a mankhwala n'kudutsitsamo magetsi, khungu lija limakhuthala n'kuphulika timabowo ngati pamwamba pa phala likamawira.

Munthu angaganize kuti kukhakhala kukachuluka ndiye bwino. Ayi. Ann Wennerberg ndi Albrektsson ku Gothenburg anayeza makungu ambiri n'kupeza kuti fupa limagwira bwino kwambiri pamene timapiri tili pakati pa maikulomita imodzi ndi awiri. Kutsika pamenepo ulusi ulibe pokola mokwanira, kupitirira pamenepo phindu silionjezekanso koma mavuto ndi amene amachuluka. Timabawuti tambiri timene tikuikidwa m'kamwa mwa anthu masiku ano tili m'malire amenewa. Bambo nawo sankatema lintala mpaka kuonetsa waya wa mkati.

Tsopano za oilo uja. Titaniyamu wongokonzedwa kumene amakonda madzi. Mukadonthezapo dontho limamwazika n'kulowerera paliponse. Koma akakhala pampweya masabata angapo, ngakhale m'paketi yotseka, timafuta tosaoneka ta mumpweya timatera pakhungu lake. Mukadonthezapo madzi, dontho limangoima tototo ngati patsamba la koko. Magazi nawo amachita chimodzimodzi, amadumpha timaenje m'malo molowamo. Straumann inathana nazo mu 2005 ndi khungu lotchedwa SLActive: kabawuti kakachoka mu asidi amakatsuka pamalo a mpweya wa nayitirojeni wokhawokha, n'kukatsekera m'madzi a mchere kuti kasapume mpweya wamba mpaka tsiku la opaleshoni. Ku Los Angeles, Takahiro Ogawa anaonetsa kuti kuwala kwa mtundu wa ultraviolet kumatha kuotcha timafuta timeneti kachitsulo kasanaikidwe. Ku Japan, Tadashi Kokubo anapita patsogolo pena. Ankaviika titaniyamu mu soda woyabwa wotentha madigiri 60 kwa tsiku lathunthu, n'kumuotcha pa madigiri 600. Titaniyamu wotero ukamuika m'madzi ofanana ndi a m'magazi, amayamba yekha kudzikuta ndi mchere wa fupa, popanda womupaka.

Pano ndinene maganizo anga, poti nkhaniyi ndaisenza m'kamwa. Makampani amalengeza makungu awo ngati kuti popanda dzina lawo dzino silingagwire, ndipo wodwala amene sadziwa kanthu amachita mantha n'kulipira zochuluka. Mmene ndaonera, phindu lalikulu la makungu atsopanowa lili m'masabata oyambirira, komanso kwa anthu a fupa lofewa kapena amene mabala awo amachedwa kupola. Kwa iwowa masabata awiri kapena atatu si nkhani yaing'ono, ndipo sindingapeputse ntchito imene inawapezera masabatawo. Koma ndimakumbukiranso Gösta Larsson, amene anatafunira zaka 40 timabawuti topanda asidi, topanda mchenga, topanda madzi a mchere. Albrektsson analemba kale mu 1981 kuti khungu ndi chimodzi chabe mwa zinthu zisanu ndi chimodzi. Zinazo ndi mtundu wa chitsulo, kaumbidwe kake, thanzi la fupa, dzanja la dokotala, ndi nthawi imene kachitsulo kayamba kusenza katundu. Munthu wosuta fodya, kapena wa shuga wosasamalidwa, khungu lokwera mtengo silingamuombole.

Ndipo kukhakhalako kuli ndi mtengo wake wina umene sulembedwa pa risiti. Timaenje timene timakola ulusi wa magazi timakolanso mabakiteriya. Kabawuti kakakhala konse m'fupa, palibe vuto. Koma nkhama ikatupa, fupa la pakhosi pake n'kutsika pang'ono, khungu lokhakhala limaonekera, tizilombo timamanga mudzi m'timaenjemo, ndipo mswachi sungafikemo. Matendawa amawatcha peri-implantitis, ndipo amadya fupa mwakachetechete, kawirikawiri popanda ululu woti n'kukudzutsa usiku. Dzino lachibadwa lili ndi timinyewa tolimangirira kufupa, todzaza mitsempha ya magazi, timene timachenjeza ndi kuteteza. Kabawuti kalibe zimenezo. Ine zinandiyamba m'chaka chachitatu. Ndinkalavula timagazi potsuka mano, n'kumati ndi mswachi wolimba. Ndinali nditayambiranso fodya ntchito itandipanikiza, ndipo ndinadumpha ulendo woti akandione. Mwamwayi kutupako kunali kukadali m'nkhama, kusanafike pafupa. Anandiyeretsa, anandipatsa timiswachi ting'onoting'ono tolowa pakati pa mano, ndipo fodya ndinamusiya tsiku lomwelo. Ndikaganiza kuti anthu anathera moyo wawo wonse akuyeza timaenje ta maikulomita imodzi kuti ine ndiseke poyera, ndiye ine n'kutsala pang'ono kuziononga ndi ndudu, mtima umandiwawa mpaka lero. N'chifukwa chake makampani ena amasiya khosi la kabawuti lili losalala, kukhakhala n'kuyambira pansi pomwe fupa lidzakwirire. Akatswiri akadatsutsanabe za malire abwino a pamenepo.

Kwathu dzino likavuta, mankhwala ake nthawi zambiri ndi kuzula basi, ndipo sindikunyoza, chifukwa madokotala a mano ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi anthu. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba m'dziko muno mu 2019 ku College of Medicine, imene pano ili mu Kamuzu University of Health Sciences. Timabawuti ta titaniyamu si chimene mudzi wathu ukusowa poyamba. Ukusowa mankhwala otsukira mano ndi munthu womata dzino lisanaole. Komabe pali chinthu chimene chimandikhalitsa chete ndikachiganizira. Kufupi ndi kwathu, ku Kasiya, pansi pa minda ya chimanga ndi fodya pali mchenga wa rutile, ndipo mu 2022 kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals inalengeza kuti ndi wochuluka kuposa pena paliponse podziwika padziko lapansi. Rutile ndi titaniyamu wogwirana ndi okosijeni, zinthu ziwiri zomwe zija zimene zimapanga khungu la kabawuti kanga, kusiyana kwake ndi kasanjidwe chabe. Miyala yambiri ya titaniyamu imathera ku utoto woyera wa penti ndi mapulasitiki. Yochepa ndi imene imadutsa m'njira imene Wilhelm Kroll wa ku Luxembourg anatulukira: kuiphika ndi klorini, kenako ndi maginiziyamu, mpaka okosijeni yense atachoka n'kutsala chitsulo. Ntchito yotereyi imachitikira m'mayiko monga China, Japan, Russia ndi Kazakhstan. Amavutika chonchi kuchotsa okosijeni, koma chitsulocho chikangosemedwa chimamuitananso pakhungu pake, ndipo fupa limagwira pamenepo.

Nditapita kumudzi pa Khirisimasi yotsatira opaleshoni ija, ndinawapeza bambo akumanga khitchini ya achemwali anga. Tinapatsana moni, anafunsa za ulendo, za ntchito, za mpongozi wawo. Kenako anasamba m'manja m'chidebe, napukutira pa malaya.

"Tayasamula ndione."

Ndinayasamula, pabwalo pomwepo, ana akuonerera. Anagwira dzinolo ndi zala ziwiri n'kuligwedeza uku ndi uku monga amachitira ndi felemu ya chitseko simenti ikauma. Kenako analigogoda ndi chikhadabo, khutu atalisendeza pafupi. Dokotala wanga nayenso anagogoda chimodzimodzi ndi chogwirira cha kagalasi kake tsiku limene ankandiveka dzino lenileni, chifukwa kabawuti kogwira kamalira kuti ngwe, kosagwira kamalira ngati khoma lofufuma pulasitala.

"Lagwira," anatero bambo. "Ndiye akuti mchenga wake ndi womwe uja akukumba ku Kasiya?"

"Wamtundu womwewo, bambo. Koma wa dzino ili unachokera kwina."

Anayang'ana chakumpoto kwa kanthawi, kumene msewu wa fumbi umalowera. Kenako anatola tchizulo pansi n'kundipatsa, nandilozera lintala ya pakhomo la khitchini imene anali atachotsa matabwa dzulo lake.